Samuel Josia Nthara: Mphunzitsi Amene Anayesa Kulemba Nchito Yake

Sabata ino pa tsamba lathu la mbiri ya anthu ochuka tikuuzani za Bambo Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa ku Malawi amene dzina lao lidziwika konse kumene anthu awerenga Cinyanja. Ambiri a inu awerengi munamvapo za buku la Nthondo, ndipo ena munaliwerenga muli ana. Koma ndi owerengeka amene adziwa za munthu amene analilemba, ndi m'mene iwo anakhalira ndi colembera m'manja kwa zaka zoposa 30.

Pa nthawi imene a Nthara anayamba kulemba, munthu wakuda wa m'maiko athu ano amene anali kuchedwa mlembi anali kalaliki wa ku boma kapena wa pa sitolo, wolemba zimene bwana wake wamuuza. Kulemba buku lathunthu, la ciyambi cake ndi mathero ake, locokera m'mutu mwa mwini dziko ndiponso m'cinenero ca amai ake, cinali cinthu cosazolowereka. A Nthara anauyamba ulendo umenewu akali mnyamata, ndipo sanausiye mpaka imvi. Iwo anakuyesa kulemba nchito yeniyeni, monga m'mene mmisiri wosula ayesera nchito kusula makasu: nchito yoiphunzira, yoibwerera tsiku ndi tsiku, ndiponso yoti anthu a m'mudzi apindule nayo. Mbiri yao ndi ya munthu amene anabvomera dzina la mlembi pamodzi ndi katundu wake yense.

Ubwana ndi maphunziro

A Nthara anabadwa m'caka ca 1905 m'cigawo ca pakati ca dziko limene lero ndi Malawi. Pa nthawiyo Angerezi anali kulicha British Central Africa. Dzina la Nyasaland linabwera mu 1907, ndipo la Malawi linakhazikika pamene dzikolo linalandira ufulu mu 1964. M'mabuku ao oyamba dzina lao linalembedwa kuti Samuel Yosia Ntara, ndipo cifukwa cake mudzapeza kuti ena alemba Ntara pamene ena alemba Nthara, koma munthu ndi mmodzi yemweyo.

Cigawo cimene iwo anakuliramo cinali m'manja mwa amishoni a Dutch Reformed Church ocokera ku South Africa. Amishoni amenewa anamanga pa Mvera mu 1889, motsogozedwa ndi A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, kenaka anatsegula Kongwe mu 1894 ndi Nkhoma mu 1896. Anzao a mpingo womwewo ndiwo anafika kuno kwathu pa Magwero, pafupi ndi Chipata, mu 1899. Njira yao inali yotsegula timasukulu tambiri m'midzi ndi kuphunzitsa ana m'cinenero cao, kuti aliyense adziwe kudziwerengera yekha Mau a Mulungu.

M'masukulu otere ndimo a Nthara anaphunzira kuwerenga ndi kulemba. Pamene iwo anali ndi zaka 17, mu 1922, kunaturuka Buku Lopatulika, limene nchito yolimasulira inatsogozedwa ndi W.H. Murray mothandizana ndi amishoni ena ndi aphunzitsi a ciAfirika. Bukuli linaonetsa poyera kuti Cinyanja cikhoza kunyamula nkhani zazitali, ndakatulo, malamulo ndi mbiri za mafumu. Komabe mwana wa sukulu wa masiku amenewo akatha kuwerenga Baibulo, katekisima, buku la nyimbo ndi timabuku ta m'kalasi, zowerenga zinali zitamthera. Za moyo wa m'mudzi mwake, za agogo ake, za maliro ndi maukwati amene iye anali kuona, zinali kukambidwa pa bwalo ndi pa moto madzulo, koma pa pepala zinali zosowa.

A Nthara anaphunzira uphunzitsi nagwira nchitoyo pansi pa mishoni ya Nkhoma. Mphunzitsi wa mishoni wa masiku amenewo sanali munthu wa nthawi yambiri yopuma. Anali kuphunzitsa ana, kutsogolera mapemphero, kulangiza anthu, ndiponso kulima munda wake, pakuti malipiro anali ocepa. Munthu wotere akafuna kulemba buku, nthawi yake anayenera kuidula pa tulo ndi pa maceza.

Mpikisano wocokera ku London

M'caka ca 1926 ku London kunakhazikitsidwa bungwe lochedwa International Institute of African Languages and Cultures, limene wapampando wake woyamba anali Lord Lugard. Nchito ya bungweli inali kufufuza zinenero ndi miyambo ya mu Afirika. Akuluakulu ake anaona kuti masukulu anali kuturutsa anthu odziwa kuwerenga koma opanda coti awerenge, ndipo anayambitsa mpikisano wa mabuku olembedwa ndi anthu a mu Afirika m'zinenero zao. Caka ciri conse anali kusankha zinenero zingapo, ndipo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1930 mwai unagwera Cinyanja.

Aphunzitsi ambiri anamva za mpikisanowu, koma si onse analimba mtima. Kunali kosabvuta kudziuza kuti kulemba mabuku ndi kwa azungu, kapena kuti munthu wa pa sukulu ya mishoni alibe kanthu koti auze anthu ophunzira a ku London. Akale anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. A Nthara, amene anali asanakwanitse zaka 30, anakhala pansi nalemba nkhani yao mpaka kuimaliza, naitumiza. Nkhaniyo inapambana mphotho, ndipo m'caka ca 1933 inasindikizidwa pa Nkhoma ndi dzina lakuti Nthondo.

Tiyenera kucigwira bwino cinthu cimeneci, pakuti ambiri oyamba kulemba amacipeputsa. Mphotho siinapite kwa munthu amene anali ndi nkhani yokoma m'mutu mwake cabe, pakuti anthu otere ali m'mudzi uli wonse. Inapita kwa munthu amene anaitsiriza nkhani yake, naikonza kuti iwerengeke, nalola kuti anthu osamdziwa aiweruze.

Buku la Nthondo

Nkhani ya bukuli iyamba pa kubadwa kwa mwana Nthondo m'mudzi wa Acewa, ndipo imtsatira mpaka imfa yake. Atate ake amwalira iye akali wamng'ono. Mwanayo akula wosamvera akulu, wakuba, wobvutitsa amai ake ndi abale ake. Atakula acoka kwao kukafuna nchito kutali, monga anali kucitira anyamata ambiri a ku Nyasaland m'zaka zimenezo, ndipo pambuyo pa mabvuto ambiri abwerera kumudzi. Kumeneko alongedwa ufumu, atembenuka mtima nakhala Mkristu, ndipo amwalira ali munthu wolemekezeka.

Ngakhale bukuli linalembedwa monga mbiri ya moyo wa munthu, Nthondo ndi munthu wopeka, woimirira anthu ambiri a mbadwo umenewo. Cifukwa ca ici akatswiri a mabuku aliwerengera pakati pa mabuku oyambirira a nkhani zopeka m'Cinyanja.

Mphamvu ya bukuli iri pa maso a mlembi wake. A Nthara analemba zimene anali kuzidziwa bwino: m'mene anamwino alandirira mwana, m'mene abale athamangira kwa woombeza ula munthu akadwala, m'mene maliro ayendera, m'mene mlandu ukambidwira pa bwalo, ndi m'mene amalume ndi akucikazi agawanirana udindo pa mwana. Zinthu zimenezi azungu ofufuza miyambo anali atazilembapo kale, koma iwo anali kuzionera kunja kwa mpanda. Mu Nthondo woŵerenga alowa m'nyumba momwe, namva mau a anthu monga awalankhulira eni ake. Munthu wa m'mudzi pomva bukuli likuwerengedwa anali kuzindikira amai ake, mfumu yake ndi mnansi wake.

Kufika kwa bukuli ku maiko akutali

Thomas Cullen Young, mmishoni wa ku Scotland amene anagwira nchito zaka zambiri pa mishoni ya Livingstonia kumpoto kwa Nyasaland, analimasulira bukuli m'Cingerezi. Linaturuka ku London mu 1934 ndi dzina lakuti Man of Africa, losindikizidwa ndi Religious Tract Society. Mau oyamba analemba ndi Julian Huxley, katswiri wa sayansi ya zamoyo, yemwe mu 1946 anadzakhala mkulu woyamba wa bungwe la UNESCO.

Kuti tione kukula kwake kwa cinthu cimeneci, tikumbukire kuti buku lochuka la Chinua Achebe wa ku Nigeria, Things Fall Apart, linaturuka mu 1958. Ndiye kuti anthu a ku Ulaya anawerenga za mudzi wa Acewa, monga anaufotokozera Mcewa mwini wake, zaka 24 buku la Achebe lisanaoneke. Young yemweyo anadzagwirizana ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda, akali dokotala ku Britain, pomasulira zolemba za anthu ena a ku Nyasaland, zimene zinaturuka mu 1946 m'buku lochedwa Our African Way of Life.

Mphotho itapita

Pano ndi pamene mbiri ya a Nthara isiyana ndi ya olemba ena a nthawi yao. Mu 1933 momwemo buku la ku Nigeria la Omenuko, la m'cinenero ca Igbo, linapambananso pa mpikisano wa bungwe lomwelo. Mlembi wake, Pita Nwana, anali mmisiri wa matabwa, ndipo adziwika ndi buku limodzi lokhalo. Ku Lesotho kunali Thomas Mofolo, mlembi wa buku lalikuru la Chaka, limene linakhala zaka zambiri lisanasindikizidwe mpaka 1925. Iye anacoka pa mishoni ya Morija mu 1910 nakalowa nchito zina ndi malonda, ndipo pomwalira mu 1948 anali asanaturutse buku lina pambuyo pa Chaka.

Anthu awa sitiwanyoza ai, pakuti njira inali ya minga. Makina osindikizira anali m'manja mwa amishoni, ogula mabuku anali ocepa ndiponso osauka, ndipo panalibe munthu amene akanadyetsa banja lake ndi mabuku a m'cinenero ca makolo. Munthu wopambana mphotho kamodzi anali ndi cifukwa cokwanira coti apacike colembera nakhale akukumbutsa anthu za caka cimene anachuka.

A Nthara sanatero. Anapitiriza uphunzitsi wao, pakuti ndiwo unali kuwadyetsa, koma kulemba sanakuyese cinthu cocitika kamodzi mwa mwai. Buku loyamba litaturuka anayang'ana cimene anthu ao anali kusowa, nayamba nchito ina yobvuta koposa yoyamba ija.

Mbiri ya Acewa

Nkhani yopeka munthu angathe kuilemba ali khale pakhomo pake, koma mbiri ya mtundu ifuna miyendo ndi makutu. Mbiri ya Acewa inali m'mitu ya nkhalamba, mafumu ndi nduna zao, ndipo nkhalambazo zinali kutha cimodzicimodzi. A Nthara anasonkhanitsa zimene akuluakulu otere anali kukumbukira, nazilongosola m'buku lochedwa Mbiri ya Acewa, limene linaturuka pa Nkhoma pakati pa zaka za m'ma 1940.

M'bukuli muli za ulendo wa makolo a Acewa kucokera kumpoto, za mafuko a Phiri ndi Banda, za ufumu wa Kalonga ndi kupatuka kwa Undi, za Makewana ndi kacisi wa mvula wa ku Msinja, za mafumu ena monga Mwase wa ku Kasungu, ndiponso za kufika kwa Angoni. Ife a ku Zambia nkhani zimenezi si zacilendo kwa ife, pakuti likulu la Kalonga Gawa Undi liri pa Mkaika m'boma la Katete, kumene Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana mwezi wa August pa mwambo wa Kulamba. Malire a maiko anadulidwa ndi atsamunda, koma mbiri imene a Nthara analemba iwoloka malirewo.

Nchito yofunsa akuluakulu iri ndi mwambo wake. Munthu sangofika pa bwalo la mfumu ndi pepala m'manja nayamba kufunsa ngati wapolisi. Ayenera kupereka ulemu, kudikira, kumva nkhani imodzi kawiri kapena katatu, ndi kupirira pamene nkhalamba ziwiri zitsutsana pa dzina la mfumu imodzi, pakuti banja liri lonse likamba mbiri mokometsa mbali yake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mlembi wa mbiri ayenera kusankha coti alembe, podziwa kuti cimene walemba cidzakhala nthawi yaitali kuposa iye mwini.

Phindu la nchito imeneyi linaoneka bwino patapita zaka. Pamene masukulu a ukacenjede anatsegulidwa m'Malawi ndi m'Zambia pambuyo pa ufulu, ofufuza mbiri ya Amaravi monga Matthew Schoffeleers ndi Kings Phiri anagwiritsa nchito buku la mphunzitsi wa pa Nkhoma uja. Mu 1973 bukuli linaturuka m'Cingerezi ku Wiesbaden m'dziko la Germany ndi dzina lakuti The History of the Chewa, lomasuliridwa ndi W.S. Kamphandira Jere. Ndemanga zake analemba ndi Harry Langworthy, amene anafufuza za ufumu wa Undi nalembanso buku la mbiri ya Zambia isanafike 1890. Akatswiriwa pena anagwirizana ndi a Nthara, pena anatsutsana nao, monga icitikira nchito iri yonse ya mbiri. Koma akanasowa potsutsa ndi poyambira pomwe cikhala kuti mau a nkhalamba zija sanalembedwe zikali moyo.

Mabuku ena

A Nthara analembanso mbiri ya Msyamboza, nyakwawa ya mudzi wa Chibanzi m'boma la Dowa, imene inamwalira mu 1926. Msyamboza anali mlenje ndi wamalonda, ndiponso mlimi wosaopa kuyesa zatsopano, kotero kuti anali kulima tirigu ndi kuthirira mbeu pamene anzake anali kudikira mvula yokha. Analandira sukulu m'mudzi mwake, ndipo atakalamba anakhala Mkristu. Cullen Young anamasuliranso bukuli, ndipo linaturuka ku London mu 1949 ndi dzina lakuti Headman's Enterprise. M'masiku amene mabuku a sukulu anali kuphunzitsa kuti citukuko conse cinabwera ndi azungu, a Nthara anaika pamaso pa anthu munthu wakuda amene anatukula mudzi wake ndi nzeru zake.

Mu 1949 momwemo kunaturuka Nchowa, nkhani yopeka yotsata moyo wa munthu wamkazi. Mu 1964 anaturutsa mbiri ya Namon Katengeza, mmodzi wa abusa awiri oyamba a ciAfirika a mishoni ya Nkhoma, amene anadzozedwa mu 1925 pamodzi ndi Andreya Namkumba. M'caka comweco kunaonekanso buku lao la Mau Okuluwika m'Cinyanja.

Mukaunjika mabuku amenewa pamodzi mudzaona munthu wodziwa zipangizo zace zonse. Pali nkhani zopeka, pali mbiri ya mtundu, pali mbiri za anthu, ndipo pali buku la cinenero ceniceni. Mlembi wosonkhanitsa mau okuluwika ali ngati mmisiri wonola nsompho yake, pakuti mau ndiwo cida cake. Kucokera pa Nthondo mu 1933 kufika pa mabuku a 1964 pali zaka 31, ndipo pa zaka zimenezi panapita nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, njala yoopsa ya 1949 ku Nyasaland, citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland ca 1953 mpaka 1963, ndi kulimbana kofuna ufulu. Zonsezi zinadutsa, iwo akali kulemba.

Pamene ena awadzudzula

Sitingakambe mbiri ya munthu ndi kubisa pamene anthu amdzudzula. Owerenga ena a m'mbadwo wotsatira anena kuti nkhani za a Nthara zikonda kuthera pamodzimodzi, ndipo ndi pa kutembenuka mtima kwa mwini nkhani, ngati kuti moyo wa makolo unali njira cabe yopitira ku chalichi. Anenanso kuti munthu wolembera makina a mishoni sakanatha kukamba momasuka za zinthu zimene amishoni anali kudana nazo, monga gule wamkulu, kapena kudzudzula poyera ulamuliro wa atsamunda.

M'mau amenewa muli coonadi. A Nthara anali Mkristu ndi wanchito wa mishoni, ndipo analemba monga munthu wa cikhulupiriro cimeneco ndi wa nthawi imeneyo. Khomo loturukira buku linali lopapatiza, ndipo alonda ake anali ndi zofuna zao. Komabe woŵerenga wacilungamo aona kuti mbali yaikuru ya Nthondo ndi moyo wa m'mudzi wofotokozedwa mwacidwi ndi mosamala, ndi kuti munthu wopeputsa makolo ake sakanataya nthawi yake kulondola maina a mafumu ao. Iwo anagwira nchito ndi khomo limene linalipo. Akanati adikire tsiku limene kudzakhala makina osindikizira a anthu akuda, nkhalamba zonse zodziwa mbiri zikanapita ndi nzeru zao kumanda.

Njira imene anailambula

Pamene a Nthara anali kukalamba, olemba Cinyanja anali atacuruka. Mu 1948 ku Lusaka kunakhazikitsidwa bungwe la boma losindikiza mabuku a maiko awiri a Northern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo linathandiza olemba ambiri a zinenero zathu. Ku Malawi kunabuka anthu monga John Gwengwe, mlembi wa Sikusinja ndi Gwenembe ndi Kukula ndi Mwambo, ndi E.J. Chadza. Kuno ku Zambia kunali Jacob Zulu, mlembi wa Zomfula, ndi Julius Chongo, amene nthano zake za Poceza m'Madzulo zinali kusonkhanitsa mabanja pa wailesi. Ndipo m'Cibemba munali Stephen Mpashi. Onsewa anapeza kuti nkhani yakuti munthu wakuda angalembe buku m'cinenero cake inali itatha kale kukambidwa.

Mu 1968 boma la Malawi linasankha cinenero cimene a Nthara analembamo kukhala cinenero ca dziko lonse, nilicha Cicewa. Kuno kwathu cikali kuchedwa Cinyanja, ndipo ndi cimodzi ca zinenero 7 zimene zigwiritsidwa nchito m'masukulu ndi pa wailesi ya boma. A Nthara anaziona zimenezi ndi maso ao, ndipo anaonanso mbiri yao ya Acewa ikuturuka m'Cingerezi. Anamwalira m'zaka za m'ma 1970, atapyola zaka 70.

Kwa inu ofuna kulemba

Pakati pa awerengi a tsamba lino pali aphunzitsi, ana a sukulu, akalaliki ndi alimi amene asunga makope odzaza ndi nkhani pansi pa mphasa kapena m'sutikesi. Ambiri a iwo acita manyazi kudzicha olemba, poganiza kuti dzinalo liyenera munthu wa digiri, kapena wolemba Cingerezi, kapena wokhala ndi ofesi mu Lusaka. A Nthara analibe ciri conse ca izi. Cimene anali naco ndi khalidwe la munthu wa nchito: kumaliza cimene wayamba, kulemba zimene adziwa, kukafunsa zimene sadziwa, kulola ena kuona ndi kukonza, ndipo buku limodzi likatha kuyamba lina.

Ndipo nchito ya mtundu umene iwo anagwira ikali yambiri pafupi ndi ife. Titenge citsanzo ca Chanyanya, mudzi wa asodzi m'mbali mwa mtsinje wa Kafue, kumtunda kwa tauni ya Kafue. Kumeneko kukhala anthu a mitundu yosiyanasiyana amene anadza kudzatsata nsomba, ndipo banja liri lonse liri ndi mbiri ya kumene linacokera. Damu la Kafue Gorge linamangidwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, ndipo la Itezhi-Tezhi linatha mu 1977. Kuyambira pamenepo madzi a m'cigwa ca Kafue asefukira ndi kuphwera motsata zitseko za madamu, osati motsata mvula yokha monga kale. Anthu amene anapalasa bwato pa mtsinjewo madamu asanamangidwe tsopano ndi nkhalamba. Iwo adziwa m'mene madzi anali kuyendera, maina a madambo ndi timitsinje, nsomba zimene zinali kugwidwa mwezi ndi mwezi, ndi miyambo ya pa madzi. Iwowa akapita, mwana wa pa Chanyanya adzaimva mbiri ya kwao kucokera kwa alendo, kapena sadzaimva konse.

Msodzi sapita pa madzi tsiku lokhalo limene mtima wake wakondwa, ndipo ukonde ukang'ambika sautaya koma ausoka. Wofuna kulemba atengere pamenepo. Caka ndi caka, kuyambira pa 1 December mpaka kutha kwa February, boma liletsa kusodza kuti nsomba ziswane, ndipo maukonde apacikidwa. Miyezi itatu imeneyo akuluakulu apezeka pakhomo. Mnyamata kapena mtsikana wa kope ndi colembera angathe kupita kukakhala pansi pamaso pao mwaulemu, nafunsa, nalemba, nabwereranso m'mawa mwake. Ndi m'mene inayambira Mbiri ya Acewa, imene lero isungidwa m'nyumba za mabuku za maiko akutali.